Nsomba za Tayi Wofiira

9 Febuluwale

Adona anga,

Ndayamba ndi moni, mungati ndilibe mwambo. Muli bwanji inu ndi a Mlendo athu a m'mimbamo, osalipira lendi aja? Apongozi ali bwanji ndi bondo lawo? Ine kuno ndili gwa, kungoti ndikununkha. Mukanandiona simukanandilola kulowa m'nyumba.

Musadabwe kuona kalata. Foni ija inagwera m'nyanja tsiku lachitatu, ndikuwerama kuti ndilawe ngati madzi ake alidi amchere. Alidi amchere. Ndiye muzingopirira zolemba za munthu wothawa sukulu, a Dalaivala a lole azitinyamulira.

Ntchito ndaipeza pa shedi ya nsomba, kudoko. Zimene mumazitcha nsomba kumeneko, Adona, ndi nthabwala. Kuno nsomba imodzi timanyamula anthu anayi, ina yaitali kuposa achimwene anu. Timaima pa thebulo lachitsulo, majombo kumapazi, madzi a ayezi mpaka m'akakolo, n'kumadula. Mpeni wanga ukuthamanga moti a Kapitawo andipatsa ntchito yapadera.

Kumabwera mayi wina wa magolovesi. Amadula kanyama pa nsomba zikuluzikulu n'kupita nako ku labu. Akabwerako, zina amazimanga kapulasitiki kofiira kumchira. Ife timati zavala tayi. Za tayizo sizikwera sitima kupita kunja. A Kapitawo akuti ogula akumeneko amanyansidwa ndi tizipsera ta pakhungu. Ndiye mayiyo akangotuluka, ine ndimadula mchira wa tayiwo, nsombayo n'kuiduladula, n'kutulutsira kukhomo lakuseri kumene amayi a pamsika amadikira ndi mabeseni. Malipiro a ntchito imeneyi ndi nthuli, yaikulu ngati pilo.

Yanga ndaiwaza mchere, ndaiyanika padenga, ndi imeneyo m'kathumbamo. Mkazi wa Wailesi asamadyenso tinsomba tokhala ngati misomali, tija umati ukutafuna tili kukuyang'ana m'maso. Mudye ya mabwana, a Mlendo abwere ndi masaya. Mwati fungo la sopo likukusanzitsani. Imeneyi si sopo, mudye.

Chitseko cha bafa chija musachisiye chili pendekete, uzani mlamu wanga akhome.

Ine wanu wosatha mabatire,
Wailesi


16 Malichi

Adona,

Ndikhulupirira muli bwino nonse, inu, apongozi ndi a Mlendo. Ine ndili bwino, kupatula chala.

Kalata yanu ndalandira. Tsamba lonse nkhani za mbuzi ya aneba, za nsomba yanga mzere umodzi: "Inali yokoma, zikomo." Basi? Munthu ndinalimbana ndi akhwangwala padenga masabata awiri! Munaphika bwanji? Apongozi anati chiyani? Kapena m'kamwa munali modzaza moti dzanja linalephera kulemba? Nayi ina, yoposa ija.

Za chala musatekeseke. Ndinadzicheka Lachiwiri, koma amene anaona ndi a Madala, oima pambali panga pathebulo. "Iwe Wailesi, magazi awo ndi a nsomba kapena ako?" Kuyang'ana, ndi anga. Osamva kanthu ine! Ndi ayeziyu, amaumitsa zala.

A Madalawo atha zaka khumi ndi ziwiri pa shedi pano, akudya za tayi tsiku ndi tsiku. Manja awo amanjenjemera moti tiyi amafika pakamwa ali theka. Anyamata amati ndi mowa, chonsecho mkuluyu mowa salawa n'komwe. Ine ndimawauza kuti, "Madala, inu ndiye kusefa ufa simuvutika." Amanditukwana mokoma kwambiri.

Matayi aja sinditaya. Ndikuponya m'chitini cha mkaka, ndidzapangire a Mlendo choseweretsa. Aliyense ali ndi nambala yake, mwanayo adzaphunzirirepo masamu, asadzatengere atate ake.

M'chipinda tikugona anayi, zenera limodzi, ndipo mmodzi amaliza mkonono ngati injini ya boti. Phwetekere mmodzi kuno mtengo wake kumeneko mungagule mulu. Kenakake kali mu envelopumo mugule masilipasi, poti mwati mapazi ayamba kutupa. Chitseko?

Wanu,
Wailesi


20 Epulo

Adona okondedwa,

Muli bwanji? Mwati a Mlendo ayamba kumenya mateche. Ameneyo ndi wanga ndithu, sanabadwe koma ndewu wayamba kale. Ine ndili bwino. Milomo ikumachita dzanzi pang'ono, mwina yatopa ndi kulongolola.

Mwati chitseko mwachiimika ndi chidebe cholemera. Adona, chidebe si misomali. Mlamu wangayo manja anawabwereketsa?

Imvani nthabwala ya sabata ino. Ndakhala pa bokosi masana ndikudya nthuli yanga yowotcha, wafika mayi wa magolovesi uja. Waima, wayang'ana m'mbale mwanga ngati mwagwera ntchentche.

"Achimwene, nsomba iyi mwaitenga kuti?"

"Kumsika, mayi. Mulawe?" Poti a Kapitawo anati za khomo lakuseri tisamauze anthu a mapepala.

"Mumadya kangati?"

"Katatu patsiku. Lamlungu kanayi."

Osaseka munthuyu. Wayamba ulaliki. Akuti m'nyanja muli zitsulo zosaoneka ndi maso, zochokera m'migodi ndi m'mafakitale: mtovu, ndi china akuti mekyuli, chonyezimira chija cha m'kagalasi koyezera kutentha thupi. Kansomba kakang'ono kamameza pang'ono. Yokulirapo imadya tinsomba tambirimbiri n'kusunga zonsezo. Chimphona chimadya zokulirapozo zaka ndi zaka, zitsulo n'kumangounjikana m'mnofu. "Ndiye kumapeto kwa mzere kuli inu ndi mbale yanuyo."

Ine: "Ndawaza mchere, ndawotcha."

"Mchere, dzuwa, moto, palibe chimene chimachotsa."

"Ndiye bwino, mayi, ndikhala munthu wachitsulo. Apolisi akandimenya, ndodo izithyoka."

Anyamata anagwa nako kuseka. Iye amati apitirize, ine ndatsegula paipi n'kuyamba kutsuka pansi, mpaka wathawitsa nsapato zake.

Mwaona sukulu yambiri? Munthu amafika poopa chakudya chomwe. Anthu akhala akudya nsomba chilengedwere dziko, lero wina abwere ndi magolovesi kudzandiuza kuti ndikudya mabawuti? Ayi, ine ayi. Chinthu chokhacho chabwino chimene ndapeza kuno andilande ndi pakamwa?

Nayi yachitatu, ya pamimba, yonona. "Inali yokoma, zikomo" mwalembanso. Mawu ena anakutherani kodi?

Munthu wanu wachitsulo,
Wailesi


24 Epulo

Iwe,

Moni ndipereka kumapeto. Kalata iyi ndatumiza pa basi, sindikanadikira a Dalaivala. Nsomba ija usadye. Imene yatsala yonse usadye, usapatse amayi ako, usapatse aneba, ngakhale galu. Sindikuseka.

Dzana mkazi wa a Kapitawo anabwera kudzawapatsa chakudya, khanda m'manja. Ine ndi mtima wanga wabwino ndatenga nthuli ya tayi yonona, ndati, "Mayi, iyi ikawonjezere mkaka." Asanaigwire, a Kapitawo andimenya dzanja, nthuli pansi. "Ukufuna kundiphera mwana, galu iwe?" Atatsegula mbale yawo ndinasuzumira: tinsomba tating'ono. Miyezi itatu ndikuwadulira michira, munthuyu sindinamuonepo akulawa.

Mayi wa magolovesi ndinamudikira pageti. Ndamuuza zonse: khomo lakuseri, mabeseni, iwe. Anagwira pakamwa. Iye ankaganiza kuti za tayi zimakatayidwa, a Kapitawo amachita kusainira. Tayi si wa zipsera ayi. Ndi wa nsomba imene mekyuli wapyola muyezo. Akuti munthu wamkulu amatenga nthawi kuti aoneke, koma mwana wa m'mimba amalandira kudzera kwa mayi ake, ndipo chimathamangira ku ubongo. Akhoza kudzachedwa kuyenda. Akhoza kudzachedwa kulankhula.

Mwana wa Wailesi, osalankhula.

Ndinafunsa kuti, ndiye nsomba usiyiretu? Akuti ayi! Tinsomba tija ndinkatinyoza ndiye tofunika kwa munthu wapakati. Sitikhalitsa m'nyanja, ndiye sitisunga zambiri. Mafuta ake amamanga ubongo wa mwana, minga yake ukatafunira kumodzi imalimbitsa mafupa. Mawu anga ndameza, ndi owawa. Gula tomweto, uzidya.

Upite kusikelo mawa lomwe, uwauze anamwino zonse, usabise pofuna kunditeteza. Uwauze kuti mwamuna wako ndi amene amatumiza, ndi manja ake, atakulunga bwinobwino.

Moni kwa amayi. Undiyankhe msanga.

Chitsiru chako


19 Meyi

Adona,

Landirani moni wa lero ndi wa mwezi watha umene ndinakumanani. Muli bwanji, a Mlendo akuvinabe? Ine ndili bwino. Nthiti ya kumanzere ikundikumbutsa kuti ilipo. Ndinaterereka pa masitepe, tingotero.

Mwayankha kuti, "Ndasiya, musadandaule." Mapaketi atatu mwadya, ine ndisadandaule? Mtima wanu ndi wa ayezi inu.

Nkhani ndi iyi: ntchito ija yatha. Musalire, ndipo apongozi musawauze kaye. A Kapitawo anandiponyera ya tayi pathebulo, "Dula." Ndinaidula bwinobwino. Koma mchira ndi tayi wake ndinakausanjika pamwamba pa beseni la mayi wina amene amaima patsogolo pa anzake, wa beseni labuluu. Mimba yake ngati yanu. Ndinamuuza tanthauzo la tayi, ndipo mawu anga mukuwadziwa, anamva mpaka a kugeti.

A Kapitawo: "Iwe, mapepala ako okhalira kuno ali bwino? Ndikhoza kukuzimitsa lero lomwe."

Ine: "Bwana, wailesi iyi batani lozimitsira linathyoka ndili mwana. Amayi anga analephera, aphunzitsi analephera, inu ndinu ndani?"

Anandilanda epuloni ndi majombo. Ndinatuluka wopanda nsapato, koma chitini cha matayi chili m'khwapa. Choseweretsa cha a Mlendo chapita, pepani. Ndachipereka kwa mayi wa magolovesi, poti nambala iliyonse ili m'buku mwake kuti nsomba imeneyo inatayidwa. Anachita kukhala pansi n'kuwawerenga mmodzimmodzi.

Tsono mverani, ndipo muchite ndendende. Mayi wa magolovesi akuti mnzake wa ku koleji amatha kuyeza tsitsi n'kudziwa chimene chalowa m'thupi. Tsitsi limakula pang'ono mwezi ndi mwezi, ndiye limasunga mbiri ngati kalendala. Mumasule zoluka zanuzo, mudule kamtolo konenepa ngati pensulo kunkhongo, pafupi penipeni ndi khungu. Mumange ulusi mbali ya kumizu, muike mu envelopu, mupatse a Dalaivala. Langa wadula kale, ati aone nalonso. Ndamuuza kuti akapezamo nzeru andibwezere.

Mwezi uno envelopu yanga ndi yowonda. Ionenepa ikubwera.

Wanu wosazimitsika,
Wailesi


27 Juni

Adona,

Muli bwanji ndi katundu wanuyo? Mukuonabe zala za kumapazi? Ine ndilipo.

Tsitsi lafika. A Dalaivala anandipatsa atagwira ndi zala ziwiri ngati chinkhanira. Akuti apongozi anakana masiku atatu, ati mwamuna wofuna tsitsi la mkazi wapakati ali ndi zolinga. Auzeni kuti ndikanakhala wa zimenezo ndikanayamba ndi kudzilemeretsa, osati kugona pa makatoni. Za makatonizo musafunse, mpweya ndi wabwino kuposa m'chipinda muja.

Ndapeza ganyu kwa eni maboti aang'ono. Ndimatsitsa mabokosi a tinsomba n'kuyanika pa mathandala. Inde, tomwe tija. Tsiku lonse tili kundiyang'ana, tikuseka.

Ku shedi kunabwera anthu a mafayilo, khomo lakuseri aika loko. A Kapitawo akadalipo, masiku ano akumavala tayi. Wakuda, koma wofiira ndi amene akanawakhala. Amayi a pamsika ndiye andida koopsa. "Wailesi, watilanda nsomba yotchipa! Ana athu adya mawu akowo?" Wina anandithira madzi otsukira nsomba. Ndinati, "Mayi, mwachedwa, ndinanunkha kale." Akwiye. Atati abwerenso ndi mabeseni mawa, ndingakuwenso chimodzimodzi.

A Madala asiya ntchito. Mpeni unayamba kuwagwa m'manja, mwana wawo anabwera kudzawatenga. Ndinawanyamulira chikwama mpaka pa basi. Tsiku limenelo nthabwala sinabwere.

Zotsatira akuti milungu isanu. Ndikuwerenga masiku ngati wandende. Mukudya tinsomba?

Wailesi


3 Ogasiti

Mayi wabodza,

Moni, ngakhale simukuyenera. Moni weniweni upite kwa a Mlendo, amene sanandinamizepo.

Zotsatira zabwera. Mayi wa magolovesi anandipeza pa mathandala, mapepala awiri m'manja. Wandifunsa kuti, "Tiyambe ndi liti?" Ndati la madamu. Akuti tsitsi lanu analiduladula mwezi ndi mwezi, kuchokera kunsonga mpaka kumizu. Febuluwale, Malichi, Epulo: palibe pamene pakwera.

"Achimwene, mkazi wanu nsomba mukunenayi sanadye. Mwina anangolawa. Ili ndi tsitsi la munthu wodya tinsomba tating'ono."

Ndinakhala pansi pamchenga. Ndinaseka, kenako zina zimene sindilemba. Tinene kuti mchere unalowa m'maso.

"Inali yokoma, zikomo." Kawiri konse, Adona! Ine kulimbana ndi akhwangwala, ine kusowa tulo, ine nthiti, inu phee, mukutafuna misomali yanu. Wakuululani ndi mutu wanu womwe.

Koma ndiuzeni msanga, apa sindikuseka: inapita kuti? Ngati munagulitsa kapena munagawa, nenani, anthuwo tiwapeze, makamaka ngati pali wapakati kapena ana.

Pepala lachiwiri ndi langa. Nzeru sanapeze. Chinacho apeza chambiri, nambala yake anaizunguliza ndi bolopeni wofiira. Ndiye nane ndavala tayi. Akuti poti ndinasiya kudya, chizituluka pang'onopang'ono, miyezi ndithu. Za zala ndi milomo sakulonjeza. Wandilembera kalata ya kuchipatala. Ndipita, musayambe kulalata.

Chikwama cha kuchipatala mulongedzeretu, musadikire tsiku.

Ine wonamizidwa,
Wailesi


22 Seputembala

Amake mwana,

Muli bwanji, mwadzuka bwanji, thupi likubwerera? A Dalaivala anayamba kuliza hutala ali kutali, mutu uli pawindo: "Wamkazi! Wamkazi!" Ndinagwetsa bokosi lonse. Mwati analira mpaka anamwino anagwira makutu. Ameneyo ndi wanga, palibe chokayeza. Kusikelo muzipita naye osadumphitsa. Apongozi muwathokoze, za tsitsi zija tinaiwala.

Ndiye chidebe! Chidebe choimika chitseko cha bafa! Miyezi yonseyi ndikukulalatirani za misomali, osadziwa kuti amene akugwira chitseko ndi mapaketi anga atatu. Mwati munalawa kamodzi n'kusanza mpaka madzulo, ndiye mumangotsekera m'chidebe cha penti poopa kundikhumudwitsa. Ntchito itatha munaopa kwambiri, poti inatha chifukwa cha inu.

Imvani. Sinathe chifukwa cha inu nokha. Wa beseni labuluu uja naye wachira, wamwamuna. Moni sandipatsabe, koma dzana anandionetsa mwanayo chapatali, atamukweza m'mwamba. A Kapitawo atati andibwezere majombo aja lero, ndingawauze pomwe angawaike.

Bodza ili ndakhululuka. Limodzi lokhali. Musazolowere.

Uzani mlamu akumbe dzenje lakuya, kutali ndi chitsime, akwirire chidebecho osatsegula. Akatero akhome chitseko, poti tsopano chilibe chochigwira.

M'kathumbamo muli tinsomba, ndayanika ndekha. Mudye ndi mitu yomwe, tikuyang'aneni m'maso, mkaka utuluke. Dzulo ndikusankha tabwinotabwino, munga wa kamodzi unandibaya chala chija. Adona, ndinakuwa moti doko lonse linatembenuka. Kuwawa kwake! Ndinadzibayanso kachiwiri kuti nditsimikize.

Ine atate ake a mwana,
Wailesi